DZINA LA PEREIRA: KUMENE LINACHOKERA NDI M'MENE LINAFALIKIRA PA DZIKO LONSE

Wolemba Mtolankhani Wathu

Munthu amene amawerenga nkhani za maiko akutali sangathe masabata ambiri osakomana ndi dzina lakuti Pereira. Mtsogoleri woyamba wa zisumbu za Cape Verde anali Pereira. Ku Colombia kuli mzinda waukulu wotchedwa Pereira. Ku Paris kuli mseu ndi siteshoni ya sitima zotchedwa Pereire. Ku Sri Lanka, dziko limene kale linkatchedwa Ceylon, dzina lakuti Perera liri m'gulu la maina ochuluka koposa onse. Ndipo pafupi ndi ife pano, m'chigawo cha Tete, banja la a Caetano Pereira linalamulira dziko la Makanga kufikira chaka cha 1902.

Tsono funso ndi ili: kodi anthu onsewa, akuda, oyera ndi ofiira, Akristu, Ayuda ndi Abuda, ndi ana a kholo limodzi? Yankho lake ndi lakuti iai. Dzinali linayenda ulendo wautali koposa mwazi wa eni ake oyamba. Ena analitenga ku mudzi umene anabadwira, ena analilandira pa ubatizo, ena anapatsidwa mu ukapolo kapena ndi lamulo la Boma, ndipo ena anathawa nalo pothawa mazunzo. Nkhani ino ilondola njira zimenezi imodzi imodzi.

Mtengo wa Zipatso

M'chinenero cha Chipwitikizi pera ndi dzina la chipatso, ndipo pereira ndiwo mtengo wobala chipatsocho. Mauwa anachokera ku Chilatini, chinenero cha Aroma akale amene analamulira dzikolo zaka mazana ambiri. Awerengi asasokonezeke: chipatso ichi si mapeyala athu aja a nthanga imodzi yaikulu, amene kwao kweni kweni ndi ku Mexico ndi maiko oyandikana nalo. Ichi ndi chipatso cha ku maiko ozizira, mbale wake wa apozi, chosongoka kumene chigwirira nthambi ndi chotupa kunsi kwake.

Kale anthu a ku Portugal analibe maina a banja okhazikika. Munthu anali ndi dzina lake la ubatizo, ndipo pofuna kumsiyanitsa ndi anzake ankaonjezapo dzina la atate wake. Mwana wa Rodrigo ankatchedwa Rodrigues, mwana wa Fernando ankatchedwa Fernandes, mwana wa Gonçalo ankatchedwa Gonçalves. Koma anthu atachuluka njira imeneyi inayamba kuperewera, pakuti dera limodzi linkakhala ndi a Rodrigues ambiri osakhala pa chibale. Chotero anayamba kuonjezanso dzina la malo amene munthu akhala kapena amene ali ake. Umo ndimo munabadwira maina onga Oliveira, mtengo wa azitona, Carvalho, mtengo wa thundu, Costa, gombe la nyanja, ndi Pereira. Ena anatenga maina onyozana nao kapena otamana nao, monga Coelho, ndiye kalulu, ndi Lobo, ndiye mmbulu. Enanso anatenga maina a chipembedzo, monga Santos, kutanthauza oyera mtima, ndi Cruz, kutanthauza mtanda.

Ife sitiyenera kudabwa nazo izi, popeza pakati pathu pali a Phiri, a Mvula ndi a Njobvu. Mitundu yambiri ya anthu inatenga maina ao ku mapiri, mitengo ndi nyama zimene zinawazinga.

Banja la ku Mpoto

Midzi yotchedwa Pereira iripo yambiri ku Portugal ndi ku Galicia, chigawo cha Spain chimene chiri kumpoto kwa Portugal. Koma banja limene linakweza dzinali linachokera ku chigawo cha Minho, pafupi ndi mtsinje wa Ave, m'dera limene tsopano ndi la Vila Nova de Famalicão. Kumeneko kunali munda waukulu wa mfumu wotchedwa Pereira. Buku la mibadwo ya mabanja omveka, limene analikonza Pedro wa ku Barcelos, mwana wa Mfumu Dinis, cha m'ma 1340, lisonyeza kuti makolo a banjali anali akalonga a ku Galicia.

Woyamba kudziwika ndi dzinali anali Rui Gonçalves Pereira. Pali chinthu chimodzi chofunika kuchiona pamenepa. Atate wake sanali Pereira konse: ankatchedwa Gonçalo Rodrigues da Palmeira, chifukwa malo ao aakulu anali Palmeira. Mwana atakhazikika pa malo ena, anatenga dzina la malo enawo. Ndiko kunena kuti kuyambira pachiyambi pomwe dzinali linali la nthaka, ndipo patapita mibadwo ndi pamene linasanduka la banja.

Banjali linakula mu ulemu ndi chuma. Gonçalo Pereira anakhala bishopu wamkulu wa ku Braga. Mwana wake, Álvaro Gonçalves Pereira, anali mkulu wa gulu la asilikari a chipembedzo otchedwa a Hospital m'dziko lonse la Portugal. Ndipo mwa ana ambiri a Álvaro munatuluka munthu amene mwana ali yense wa sukulu ku Portugal amdziwa.

Nuno Álvares Pereira

Munthuyo ndi Nuno Álvares Pereira, amene anabadwa m'chaka cha 1360. M'chaka cha 1383 Mfumu Fernando inamwalira yopanda mwana wamwamuna, ndipo mwana wake wamkazi anali atakwatiwa ndi mfumu ya Castile, ufumu waukulu wa ku Spain. Zinaoneka kuti Portugal amezedwa. Akuluakulu ambiri anagwirizana ndi Castile, ngakhale abale ake ena a Nuno. Koma iye anaima ndi João, mkulu wa gulu la Avis, amene anasankhidwa kukhala mfumu mu mzinda wa Coimbra m'chaka cha 1385. Nuno anaikidwa kukhala mkulu wa nkhondo zonse za dziko ali ndi zaka 24 zokha.

Pa 14 August, 1385, magulu awiriwa anakomana ku Aljubarrota. Apwitikizi anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi adani ao, koma Nuno anasankha bwino malo omenyera, nakumba maenje ndi ngalande zotchera akavalo, ndiponso anathandizidwa ndi amauta ochokera ku England. Ankhondo a Castile anathyoledwa dzuwa lisanalowe bwino. Mkulu wake wa Nuno, Pedro, anafera tsiku lomwelo ali mbali ya adani. Ufulu wa Portugal unapulumuka, ndipo chaka chotsatira, 1386, Portugal ndi England anachita pangano la ubwenzi ku Windsor.

Mfumu inampatsa Nuno minda yambiri kotero kuti anakhala wolemera koposa onse m'dzikomo kupatula mfumu yokha. M'chaka cha 1401 mwana wake wamkazi, Beatriz, anakwatiwa ndi Afonso, mwana wa mfumu, amene pambuyo pake anakhala kalonga woyamba wa Bragança. Banja la Bragança ndilo linakhala pa mpando wa ufumu wa Portugal kuyambira 1640 kufikira 1910, ndiponso pa mpando wa Brazil kuyambira 1822 kufikira 1889. Nuno mwini wake anagawa chuma chake, nalowa m'nyumba ya amonke ya Carmo ku Lisbon m'chaka cha 1423, namwalira momwemo m'chaka cha 1431. Papa Benedict XVI anamlengeza kukhala woyera m'chaka cha 2009.

Taonani chodabwitsa chake: mwazi wa Pereira womvekayu unalowa m'mafumu amene sanatchedwe Pereira, pamene dzina lake linatsikira kwa anthu wamba amene analibe mwazi wake.

M'mene Anthu Wamba Analitengera

Kwa zaka mazana ambiri ku Portugal kunalibe lamulo lokakamiza mwana kutenga dzina la atate wake. Ana a mimba imodzi ankatha kukhala ndi maina a banja osiyana: wina la atate, wina la amai, wina la agogo. Anchito a pa nyumba ya munthu womveka, ndi olima pa minda yake, kawiri kawiri ankatenga dzina la mbuye wao. Munthu wochokera ku mudzi uli wonse wotchedwa Pereira akafika mu mzinda ankangotchedwa wa ku Pereira, ndipo ana ake ankalisunga.

Chimene chinayamba kukhazikitsa maina ndi kaundula. Msonkhano waukulu wa Mpingo wa Katolika wa ku Trent, umene unatha m'chaka cha 1563, unalamula ansembe kuti azilemba m'mabuku onse obatizidwa ndi okwatirana. Boma la Portugal linadzalamula m'chaka cha 1911 kuti munthu ali yense alembedwe m'kaundula wa Boma. Lero Pereira liri m'gulu la maina asanu ochuluka koposa ku Portugal, pamodzi ndi Silva, Santos, Ferreira ndi Oliveira.

Dzina Likwera Zombo

Vasco da Gama atafika ku India m'chaka cha 1498, maina a Chipwitikizi anayamba kuoloka nyanja. Mmodzi wa oyamba anali Duarte Pacheco Pereira, amene m'chaka cha 1504 anachinjiriza mzinda wa Cochin ndi asilikari a Chipwitikizi osakwana 200 pamene mfumu ya Calicut inadza ndi khamu lalikulu. Iyeyu analembanso buku lofotokoza magombe a Africa, lotchedwa Esmeraldo de Situ Orbis. Wina anali wansembe Tomás Pereira, amene anafika ku Beijing m'chaka cha 1673, naphunzitsa Mfumu Kangxi nyimbo za ku Ulaya, nakhala womasulira mau pamene China ndi Russia anachita pangano la malire ku Nerchinsk m'chaka cha 1689.

Koma Apwitikizi amene anapita kum'mawa anali ochepa, ndipo sakanatha kubala a Pereira onse amene ali kumeneko lero. Chimene chinachulukitsa dzinali ndi ubatizo. Ku Goa, kumene Apwitikizi analanda m'chaka cha 1510, munthu wolowa Chikristu ankasiya dzina lake la Chihindu ndi kulandira dzina la wansembe wombatiza, kapena la tate wake wa ubatizo, kapena la mkulu wina wa Boma. Nthawi zina anthu ambiri ankabatizidwa tsiku limodzi, natuluka m'chalichi ndi dzina limodzi ngakhale sanali pa chibale. Ena analowa mwa kufuna kwao. Ena analowa chifukwa akachisi ao anagumulidwa ndipo nchito za Boma zinali za Akristu okha. Pansi pa dzina latsopanolo mabanja anasungabe kusiyana kwa mitundu kumene anali nako kale, kotero kuti a Pereira awiri a ku Goa ankatha kukhala oti sangakwatirane.

Ku Ceylon nkhani yake ndi yodabwitsa koposa. Apwitikizi anafika pa chisumbucho kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1500. M'chaka cha 1557 Mfumu Dharmapala ya ku Kotte inabatizidwa, ndipo anthu ambiri a m'mbali mwa nyanja anatsata. Anthu a ku Holland anapitikitsa Apwitikizi m'chaka cha 1658, ndipo pambuyo pake Angerezi analanda chisumbucho. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Apwitikizi anakamukadi, koma maina ao anatsala. Pereira linasanduka Perera, ndipo pamodzi ndi Fernando ndi de Silva lidakali lochuluka kufikira lero. Mabanja ambiri anabwerera ku chipembedzo cha Buda koma sanataye dzina. N. M. Perera, mmodzi wa oyambitsa chipani cha Lanka Sama Samaja m'chaka cha 1935, amene anadzakhala Nduna ya Zachuma, anali Msinhala, wa mtundu waukulu wa chisumbucho.

Ayuda Othawa

Njira ina inali ya misozi. M'chaka cha 1492 Spain anapitikitsa Ayuda, ndipo zikwi zambiri zinathawira ku Portugal. Patangopita zaka zinai, Mfumu Manuel nayo inalamula kuti achoke, koma posafuna kutaya amisiri, asing'anga ndi amalonda, m'chaka cha 1497 inawabatiza mokakamiza. Anatchedwa Akristu Atsopano, ndipo analandira maina a Chikristu amene anali ofala kale, pakati pake Pereira. Bwalo la Mpingo lofufuza chikhulupiriro cha anthu, lotchedwa Inquisição, litakhazikitsidwa m'chaka cha 1536, ambiri anamangidwa, ena anatenthedwa, ndipo amene anatha anathawira ku Amsterdam, Hamburg, London ndi Bordeaux. Kumeneko ambiri anabwerera poyera ku chipembedzo cha makolo ao, koma dzina la Chipwitikizi analisunga.

Mwa iwo munatuluka anthu omveka. Jacob Rodrigues Pereira, amene anabadwa m'chaka cha 1715 namwalira m'chaka cha 1780, anali mmodzi wa aphunzitsi oyamba a ana osamva ndi osalankhula ku France, ndipo Mfumu Louis XV inampatsa malipiro a chaka ndi chaka chifukwa cha nchito yakeyo. Adzukulu ake awiri, Émile ndi Isaac Pereire, amene analemba dzinali mwa Chifalansa, anamanga njanji yochokera ku Paris kufika ku Saint-Germain m'chaka cha 1837, nayambitsa banki yaikulu ya Crédit Mobilier m'chaka cha 1852. Bankiyo inagwa m'chaka cha 1867, koma mseu ndi siteshoni ya ku Paris zija zisunga dzina lao. Ku London kunali Jonathan Pereira, sing'anga amene mabuku ake ofotokoza za mankhwala anaphunzitsa madokotala ambiri m'zaka za m'ma 1800.

Pali mbiri yofala yakuti Mpwitikizi ali yense wa dzina la mtengo ndi mdzukulu wa Ayuda. Mbiri imeneyi siyoona. Monga taona, dzina la Pereira linalipo zaka pafupi fupi 300 ubatizo wokakamiza uja usanachitike. Akristu Atsopano anatenga maina amene anawapeza, ndipo dzina lofala linali pobisalira pabwino.

Brazil, Kumene Kuli Ambiri

Dziko limene liri ndi a Pereira ambiri koposa onse ndi Brazil. Kalembera wa chaka cha 2022 anapeza anthu pafupi fupi mamiliyoni 7 okhala ndi dzinali, ndipo liri lachisanu, kutsatira Silva, Santos, Oliveira ndi Souza. A Silva okha ali mamiliyoni 34. Kumbukirani kuti anthu onse a ku Portugal angopitirira pang'ono mamiliyoni 10.

Mitsinje itatu inathira m'nyanja imeneyi. Woyamba ndi Apwitikizi eni ake amene anasamukira ku Brazil kuyambira zaka za m'ma 1500, ndipo ambiri a iwo anachokera ku Minho komwe kuja. Wachiwiri ndi eni nthaka a ku Brazil: malamulo a chaka cha 1757, m'nthawi ya nduna yaikulu Pombal, analamula kuti iwo apatsidwe maina a mabanja a Chipwitikizi ndi kulankhula Chipwitikizi. Wachitatu ndi akapolo. Anthu oposa mamiliyoni 4 anatengedwa ku Africa kupita ku Brazil, ambiri ochokera ku Angola ndi Congo, ndi enanso ochokera ku madooko a Mozambique monga Quelimane. Kapolo ankabatizidwa ndi dzina limodzi lokha. Pomasulidwa, ambiri ankatenga dzina la mbuye wao wakale, kapena la tate wa ubatizo, kapena dzina la chipembedzo. Ukapolo unatha ku Brazil pa 13 May, 1888. Chotero m'dziko limenelo mdzukulu wa mwini munda ndi mdzukulu wa kapolo wake ayankha ku dzina limodzi.

A Pereira a ku Makanga

Tsopano tifike kufupi ndi kwathu. Apwitikizi anakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530, ndipo kufikira chaka cha 1752 dziko la Mozambique linkalamulidwa kuchokera ku Goa. Nchifukwa chake anthu ambiri a ku Goa anadza ku chigwa cha Zambezi kudzachita malonda ndi kutenga minda ikuluikulu yotchedwa prazo. Minda imeneyi inali ya mfumu ya Portugal, yobwereketsa kwa mibadwo itatu, ndipo lamulo linati izidzera kwa mwana wamkazi. Eni ake anali ndi asilikari ao a ukapolo, amene ndiwo Achikunda.

Cha m'ma 1760 kunafika munthu wa ku Goa dzina lake Gonçalo Caetano Pereira. Iye anaoloka Zambezi, nalowa kumpoto m'dziko la Amaravi kukakumba golidi ndi kugula minyanga ya njobvu. Anthu a kumeneko anamutcha Dombo-Dombo. Anapalana ubwenzi ndi amalonda a Chibisa, ndipo kudzera mwa iwo anamva za ufumu wa Kazembe ku mtsinje wa Luapula, kumene kunali mkuwa ndi minyanga. M'chaka cha 1796 mwana wake, Manuel Caetano Pereira, anayenda ulendo wautaliwo nakafika kwa Kazembe. Mau amene anabwera nao ndiwo anautsa mtima wa bwanamkubwa Francisco de Lacerda, amene ananyamuka ku Tete m'chaka cha 1798 pofuna kudutsa Africa kufikira ku Angola. Gonçalo ndiye anali wotsogolera njira. Lacerda anadwala malungo, namwalira pafupi ndi mudzi wa Kazembe chaka chomwecho, ndipo ulendowo unabwerera.

Banja la Pereira linatsala kumpoto kwa Zambezi. Linathandiza Undi, mfumu yaikulu ya Achewa, pa nkhondo zake, linakwatira m'banja lachifumu, ndipo linapatsidwa dziko la Makanga. Pang'ono ndi pang'ono alendowa anasanduka mafumu oima pa okha. M'makalata a ku Tete ankalembedwa Caetano Pereira, koma kwa anthu ao ankadziwika ndi maina onga Chissaka ndi Chinsinga. Ankalankhula chinenero cha dzikolo, nalowa ufumu mwa miyambo ya dzikolo. Anamenyana ndi Boma la Apwitikizi la ku Tete, ndiponso ndi banja la da Cruz la ku Massangano, limenenso linachokera kum'mawa. Sitiyenera kubisa kuti mphamvu yao inakhazikika pa minyanga ndi akapolo, ndi kuti Achikunda ao anabvutitsa midzi yambiri ya Achewa ndi mitundu yoyandikana nao. Ufumuwo unatha m'chaka cha 1902 pamene asilikari a Apwitikizi anagonjetsa Chinsinga. Dzina la dzikolo lidakalipo: ndilo boma la Macanga m'chigawo cha Tete, kumadzulo kwa Angónia, ndipo likulu lake ndi Furancungo. Anthu ake alankhula chinenero chathu chomwechi.

Onani m'mene dzina linazungulira. Linachoka ku Minho, linapita ku India, linabwerera kumadzulo kudzera pa nyanja, linakwera Zambezi, ndipo linakathera pa mpando wa mfumu pakati pa Achewa. Ku Goa ndi ku Ceylon eni dziko anabvala dzina la mlendo. Ku Makanga mlendo ndiye anabvala maina a eni dziko.

Africa wa Kumadzulo ndi America

Ku maiko ena a mu Africa amene analamulidwa ndi Apwitikizi, dzinali linanyamulidwanso ndi anthu amene anatsutsana ndi ulamulirowo. Ku Luanda, José de Fontes Pereira, amene anamwalira m'chaka cha 1891, anali mtolankhani wodzudzula Boma la Apwitikizi mosaopa. Aristides Pereira anali mmodzi wa atsogoleri a chipani cha PAIGC pamodzi ndi Amílcar Cabral, ndipo analamulira Cape Verde kuyambira 1975 kufikira 1991. Mai Carmen Pereira, wa chipani chomwecho, anagwirizira mpando wa mtsogoleri wa dziko la Guinea-Bissau kwa masiku atatu mu May, 1984.

Ku maiko a Chisipanishi monga Argentina ndi Uruguay dzinali limalembedwanso Pereyra. Mzinda wa Pereira ku Colombia, umene uli pakati pa minda ya khofi, unakhazikitsidwa m'chaka cha 1863 ndipo unatchedwa dzina la José Francisco Pereira Martínez, amene anali mwini wa nthakayo. Ku United States kunapita anthu a ku zisumbu za Azores ndi Madeira, ena kukagwira nchito m'zombo zopha anamgumi ndi m'mafakitale a nsalu, ena kukalima nzimbe ku Hawaii kuyambira chaka cha 1878. Kumeneko mabanja ambiri anasintha dzinali kukhala Perry kuti limveke ngati la Chingerezi. Ena analisunga, monga William Pereira, amene anajambula mapulani a nyumba yaitali yosongoka ya Transamerica ku San Francisco, imene inatha kumangidwa m'chaka cha 1972. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 Apwitikizi zikwi mazana anapita ku France kukafuna nchito, ndipo anakapeza dzina lao litafikako kale m'malembedwe ena.

Mau kwa Aphunzitsi ndi Makalaliki

Nkhani iyi iri ndi phindu kwa inu amene mumagwira cholembera tsiku ndi tsiku. Poyamba, dziwani kamangidwe ka dzina la Chipwitikizi. Munthu amakhala ndi dzina lake limodzi kapena awiri, kenaka dzina la banja la amai ake, ndipo potsiriza dzina la banja la atate ake. Lotsirizalo ndilo kawiri kawiri amalembera m'ndandanda. Timau tating'ono tija, de, da, do ndi dos, tingotanthauza kuti "wa" kapena "wa ku". Musadule dzina la munthu chifukwa latalika, ndipo musamkonzere malembedwe: Pereira, Pereyra, Perera ndi Pereire ndi mtengo umodzi, koma nthambi iri yonse iri ndi mbiri yake, ndipo chilembo chimodzi cholakwika pa chiphaso chingathe kumanitsa munthu ulendo kapena cholowa.

Kachiwiri, musaweruze mtundu, chipembedzo kapena kwao kwa munthu poona dzina lake. Mwana wa ku malire amene afika pa sukulu yanu ndi dzina la Chipwitikizi angathe kukhala Mchewa weni weni, amene agogo ake anapatsidwa dzinalo ku mishoni kapena ku ofesi ya msonkho.

Kachitatu, kumbukirani kuti paliponse pamene dzinali linakhazikika panali munthu wolemba m'buku: wansembe ku Goa, mlembi wa Boma ku Brazil, kalaliki wa pa dooko ku America. Chimene iwo analemba tsiku limodzi, mabanja achisenza zaka mazana. Ifenso mfunda zathu, zimene kale zinali zotamana nazo ndi zopatsirana moni, zinasanduka maina a m'kaundula kudzera m'mabuku a sukulu, a mpingo ndi a msonkho. Mphunzitsi amene alemba dzina la mwana pa tsiku lake loyamba la sukulu ayambe wafunsa makolo, alembe mosamala, pakuti adzukulu a mwanayo adzayankha ku dzina lomwelo.